Mbiri ya Mwambo wa Kuitana Mbalame Pakhomo

Palibe mmodzi mwa owerenga athu amene asowa kuuzidwa za nchito ya kuinga mbalame. Mapira akayamba kukhwima, ana alawira mbandakuca kukakwera pa nsanja, napfuula, naomba zitini kufikira mau atasasa; ndipo kumene alima mpunga nkhondo yace ndi yomweyo. Kwa mwini munda mpheta ndi mbala. Kwa mnyamata wa legeni ndi ulimbo, mpheta ndi ndiwo. Tsono tikati kuli maiko kumene munthu agula mbeu ndi ndalama zace, naziika kuseri kwa nyumba kuti mbalame za kuthengo zidye, osafuna mazira ao kapena nyama yao, ena adzati amenewo ndi macitidwe a anthu okhuta. Mauwo ali ndi coonadi cace, koma satha nkhani yonse.

M'dziko la Britain nyumba zofika theka, kapena kuposapo, ziikira mbalame cakudya pabwalo. M'caka ca 2019 akatswiri a bungwe la British Trust for Ornithology analemba kuti cakudya cimene anthu a kumeneko aika cikhoza kusunga mbalame zofika 196 miliyoni, ndi kuti ndalama zolowa m'nchitoyi pa caka ziri pakati pa mapaundi 200 miliyoni ndi 300 miliyoni. Mwambo waukuru wotere sunabuke tsiku limodzi. Uli ndi makolo ace, ena acifundo, ena ocenjera pa za ulimi, ena amalonda. Ndipo tifuna kuwalondola mmodzi mmodzi, kufikira pa mabvuto amene mwambowo unabala m'masiku athu ano.

Poyamba tiyenera kumvetsa za nyengo ya cisanu ya maiko a kumpoto, pakuti popanda iyo nkhani yonseyi ikhala yopanda mutu. Cisanu ca kwathu ca June ndi July cipweteka khungu, koma nthaka siitseka. Kumeneko, kuyambira December kufikira February, madzi a m'zithaphwi aundana nakhala ngati mwala, cipale cofewa cikwirira minda ndi udzu, tizirombo tibisala, ndipo usiku utalika kufikira maora 16. Kambalame kakang'ono kasunga thupi lace lofunda ndi mafuta amene kadakundika usana. Kukaca kali kopepuka, ndipo kakapanda kupeza cakudya msanga sikadzaona m'mawa mwina. Njala yao ya mbalame igwa pamene nkhokwe za anthu ziri zodzala ndi m'minda mulibe kanthu koti mbalame ibe. Apa ndi pamene tisiyana nao: ife tikomana ndi mpheta pa mbeu yosakolola, iwo akomana nayo pa khomo, itazizidwa.

Cifukwa cace cifundo ca pa mbalame ndi cakale kumeneko. Olemba moyo wa Francis wa ku Assisi, amene anamwalira m'caka ca 1226, asimba kuti iye analakalaka kupempha Mfumu yaikuru kuti iike lamulo lakuti pa tsiku la Khrisimasi anthu amwaze tirigu m'miseu, kuti mbalame nazo zidye phwando. Ku Norway ndi ku Sweden alimi akhala akusunga mtolo umodzi wa dzinthu zosapuntha, naupacika pa mtengo wautali pafupi ndi nyumba pa nyengo yomweyo. Koma izi zinali za tsiku limodzi pa caka. Panalibe amene anaganiza zokonza malo ace onse kuti akhale mudzi wa mbalame, kufikira anaoneka Mngerezi wina wa makhalidwe acilendo, dzina lace Charles Waterton.

Waterton anabadwa m'caka ca 1782 ku Walton Hall, pafupi ndi Wakefield m'cigawo ca Yorkshire, nayendayenda zaka zambiri m'nkhalango za ku Guiana, ku South America. Pobwera kwao anapeza kuti mlonda wa nkhalango yace, monga alonda onse a masikuwo, anali kuombera mbalame iri yonse imene mbuye wace sangadye. Waterton anamletsa. Pambuyo pace anamanga linga lozinga munda wace, lotalika mailosi atatu pozungulira, limene linatha m'caka ca 1826 litadya mapaundi 9,000. Ndipo iye ankaseka kuti ndalamazo zinacokera ku vinyo amene sanamwe. M'kati mwa lingalo mfuti siinaloledwe kulira. Mitengo ya mphako, imene anzace akadaidula, iye anaisiya. Anaboola makoma kuti mbalame zimangemo zisa. Anabzala zitsamba zowirira ndi mitengo ya zipatso zimene mbalame zikonda.

Cimene ciyenera kutigwira mtima ife ndi nkhani yace ya kadzidzi. Tisayese kuti kuopa kadzidzi ndi kwa ife tokha: anthu a ku Yorkshire nao ankati kulira kwace pa denga kuitana maliro, nampha pali ponse anampeza. Waterton anammangira kadzidzi woyera malo ogona pa cipata cakale ca mudzi wace, nakhala nthawi yaitali kumpenyetsetsa. Anapeza kuti pamene ali ndi ana, kadzidzi abwera ndi mbewa ku cisa pa mphindi 12 kapena 15 ziri zonse, ndipo analemba kuti mlimi wakupha mbalame imeneyi adziphera yekha mlonda wa nkhokwe yace. Anansi ace anamuyesa wozungulira mutu. Atamwalira m'caka ca 1865, mwana wace anagwa m'ngongole, ndipo malowo anagulidwa ndi banja la opanga sopo, lomwelo limene Waterton anatsutsana nalo pa milandu cifukwa ca utsi wa fakitale yao umene unali kupha mitengo yace.

Zaka zimenezo zinali zoipa kwa mbalame. Akazi olemera a ku London, Paris ndi New York anakonda zipewa za nthenga, ndipo pofuna nthenga zoyera za akakowa alenje anapha mbalamezo pa zisa, ana natsala kufa ndi njala. Amene anadzuka kutsutsa cinthuci anali akazi anzao. M'caka ca 1889 Emily Williamson anayambitsa bungwe ku Didsbury, m'mzinda wa Manchester, la akazi olonjeza kusabvala nthenga zotere. Bungwelo linakula, ndipo kuyambira 1904 lichedwa Royal Society for the Protection of Birds. Lamulo loletsa kulowetsa nthengazo m'dziko linacedwa kufikira 1921. Ku Germany mai wina, Lina Hähnle, anayamba bungwe lofanana nalo ku Stuttgart m'caka ca 1899.

Pakati pa zimenezi panagwa cisanu coopsa ca 1890 ndi 1891, cimene cinagwira England kuyambira kumapeto kwa November kufikira January. Mbalame zinagwa m'mipanda ndi m'miseu zosawerengeka, ndipo manyuzipepala anapempha anthu kuti aziponyere nyenyeswa. Cisanu cina cotere cinabweranso mu 1895. Mbalame zoyera za kunyanja, zimene kale sizinali kulowa m'mzinda kawirikawiri, zinakwera mtsinje wa Thames kufikira pakati pa London. Ndipo wolemba wina, W. H. Hudson, anaona amuna ndi anyamata a nchito zamanja akuthamangira ku milatho pa nthawi ya cakudya ca masana kukagawana nazo kamba wao. Ici ticichula dala, cifukwa ca iwo amene ati mwambowu ndi wa okhuta okha. Pofika 1910 nyuzi ya nthabwala ya Punch inali kuseka kuti kudyetsa mbalame kwasanduka masewera a mtundu wonse.

Koma amene anasandutsa cifundo kukhala luso anali Mjeremani, Hans von Berlepsch, wobadwa mu 1857, mwini malo a Seebach m'cigawo ca Thuringia. Iye anali msilikali, ndipo anaigwira nkhani ya mbalame monga msilikali agwira nkhani ya nkhondo, kufunsa cimene cisowa ndi kumene cisowa. Anaona kuti osamala nkhalango, pocotsa mtengo uli wonse wokalamba ndi citsamba ciri conse, anacotsa pamodzi nyumba za mbalame zodya mbozi. Tsono anang'amba mitengo yambiri imene gogomole adaiboola, nayesa mphako zace, napeza kuti zonse zitsata maonekedwe amodzi: khomo lozungulira lopendekera pang'ono kuti mvula isalowe, ndi cipinda cocepa pamwamba, cotakata m'munsi, ca pansi ngati mbale. Anapangitsa zisa za mitengo zotsanza mphako zimenezo, ndipo mbalame zinazilandira. Anabzala mipanda ya minga, naidulira kuti nthambi zicite mphanda zogwira zisa.

Pa za cakudya ciphunzitso cace cinali cokhwima. Ankati kumwaza nyenyeswa za buledi pansi kukondweretsa womwazayo koposa mbalame, pakuti buledi akanyowa asasa, ndipo cipale cikagwa usiku cakudyaco cikwiririka pa ora lomwelo limene cifunika. Cakudya ciyenera kukhala couma, cofikirika pa nyengo iri yonse, ndi copezeka mbandakuca. Ndipo cikhale ca mafuta. Anasungunula mafuta a ng'ombe, nasanganiza ndi mbeu, nathira pa nthambi. Anapanganso kanyumba ka denga lotsika ndi cotengera conga belu cimene citurutsa mbeu pang'ono pang'ono. Zonsezi anazilemba m'buku la 1899, ndipo buku lina lofotokoza njira zace linatembenuzidwa m'Cingerezi mu 1908, niliwerengedwa ku Britain ndi ku America.

Cimene cinamchukitsa cinacitika mu 1905. Caka cimeneco mbozi zinagwa pa nkhalango ya Hainich, nizidya masamba kufikira mitengo inaima yopanda kanthu ngati m'cisanu. Koma nkhalango ya Berlepsch, yoyandikana nayo, m'mene munali zisa monga 2,000, inakhala yobiriwira. Maboma anatumiza anthu kukaona, ndipo zisa zace zinapacikidwa m'nkhalango zambiri za Germany ndi maiko ozungulira. Ife sitinena kuti mbalame zikhoza kuletsa mliri uli wonse wa mbozi. Mliri waukuru upitirira mphamvu yao. Koma kuti zicepetsa tizirombo, ici dziko la China linaciphunzira ndi misozi. M'caka ca 1958 boma linalamula anthu onse kupha mpheta cifukwa ca kudya dzinthu. Anaomba ng'oma ndi mapoto kufikira mbalame zinagwa ndi kutopa, naphwanya zisa ndi mazira. Tizirombo tinacuruka m'minda, ndipo kuonongeka kumeneku kunaonjeza pa zifukwa zina za njala yaikuru ya zaka zotsatira. Mu 1960 mpheta inacotsedwa pa mndandanda wa adani.

Za ku America tidzanena mwacidule. Kumeneko kunali mtundu wa nkhunda za kuthengo zouluka m'magulu ophimba dzuwa. Anazipha ndi kuzigulitsa kufikira yotsiriza inafa m'khola ku Cincinnati pa 1 September 1914. Mu 1900 Frank Chapman anapempha anthu kuti pa Khrisimasi, m'malo mwa mpikisano wa kuombera mbalame umene unali mwambo, aziwerenge. Anayamba anthu 27, ndipo kuwerengako kucitikabe caka ndi caka. Mu 1969 Peter Kilham anapanga codyera conga mpope woonekera m'kati, cokhala ndi timabowo ndi timitengo totera, cimene tsopano cipacikidwa m'maiko ambiri. Kucokera m'zaka zimenezo nkhaniyi inalowa m'manja mwa amalonda, ndipo nyenyeswa za pa gome zinapatsa malo mbeu za m'matumba: mpendadzuwa, mawere, kambeu kakuda ka mafuta kolimidwa ku Ethiopia ndi ku India, ndi mtedza.

Pa mtedza tiimepo pang'ono, pakuti apa nkhaniyi ikhudza nkhokwe zathu. Mtedza sulimidwa ku Britain. Wonse umene mbalame zao zidya ucokera ku maiko ofunda. M'caka ca 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa m'makola a ku England ndi nthenda yosadziwika, ndipo pofufuza anapeza kuti zinadya cakudya ca mtedza wocokera ku Brazil umene unagwidwa cuku. Ululu wa cukuco ndiwo aflatoxin, umene uononga ciwindi ca mbalame ndi ca munthu yemwe. Kuyambira pamenepo maiko a ku Ulaya anakhwimitsa malamulo a mtedza wolowa kwao, ndipo alimi a Malawi adziwa m'mene malamulowo anabvutira malonda ao. Lero wogulitsa mtedza wa mbalame wa mbiri yabwino ku England ayamba wauyesa ngati ulibe ululuwo. Pamene ife tisankha mtedza wabwino kupita nao ku msika, ndi kusiya wofota ndi wa cuku kuti usinjidwe nsinjiro za ana, tiwapatsa ana athu cimene kumeneko akaniza mpheta.

Nanga mbalamezo zinasintha bwanji ndi cakudya ca anthu? Zinaphunzira msanga. Mu 1921 ku Swaythling, pafupi ndi Southampton, anthu anaona timbalame tikuboola zitsekero za mabotolo a mkaka osiyidwa pa khomo m'mawa, ndi kumwa mafuta a pamwamba. Ndipo m'zaka zocepa luso limeneli linafala m'midzi yambiri. Codabwitsa coposa ndi ca kambalame ka mutu wakuda kochedwa blackcap. Makolo ace oswana ku Germany ndi ku Austria ankathawira cisanu ku Spain ndi kumpoto kwa Africa. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1960 tambiri tinayamba kupita ku Britain, kumene zodyera za pakhomo ndi kucepa mphamvu kwa cisanu zitisunga. Peter Berthold anagwira tina mwa ito ku England, natisunga ku Germany kufikira titaswa. Ndipo mu 1992 anaonetsa kuti ana, amene sanayendepo ulendo, pofika nyengo yace analunjika okha ca ku Britain. Njira yatsopano inali italowa m'magazi.

Pali mbali ina yowawa, ndipo sitiibisa. Kumene mbalame zambiri zidyera mbale imodzi, nthenda nayo idyera pomwepo. Aliyense woweta nkhuku adziwa m'mene citopa ciyendera. Mu 2005 ku Britain kunaoneka nthenda ya pakhosi mwa timbalame tobiriwira tochedwa greenfinch. Kacirombo kace kanali kodziwika kale mwa nkhunda ndi njiwa; katupitsa khosi kuti mbalame ilephere kumeza, ndipo mbeu imene yalabvula, kapena madzi amene yamwa, zipatsira inzace. Pofika 2009 ciwerengero ca mbalamezi cinatsika kucokera pa 4.3 miliyoni kufika pa 2.8 miliyoni, ndipo mu 2021 zinalembedwa pakati pa mitundu imene iri pangozi yaikuru m'dzikomo. Kumayambiriro kwa 2025 bungwe lija la Emily Williamson linaleka kugulitsa matebulo afulati odyetserapo mbalame, amene linali kulimbikitsa kwa mibadwo, poopa kuti ndiwo afalitsa nthendayo. Akatswiri ena aonetsanso kuti cakudya ca pakhomo cilemeza mitundu yolimba mtima, imene pambuyo pace ilanda mphako ndi cakudya ca mitundu yamanyazi yosafika pa nyumba za anthu.

Motero malangizo a masiku ano abwerera kufupi ndi Waterton kuposa ndi amalonda. Codyera citsukidwe sabata ndi sabata, nicisunthidwe kuti zitosi zisaunjikane malo amodzi. Madzi asinthidwe tsiku ndi tsiku. Cakudya ciikidwe cocepa, cotha msanga. Malo ace akhale pafupi ndi citsamba cothawiramo kabawi, koma osati pomwe mphaka angabisale. Ndipo mbalame yodwala ikaoneka, kudyetsa kulekeke kwa masabata angapo. Koposa zonse ati munthu abzale mitengo ndi zitsamba za dziko lomwelo, asiye udzu wina ubale njere, aleke kupopera mankhwala pali ponse, pakuti ana a mbalame zambiri, ngakhale zodya mbeu, aleredwa ndi mbozi. Kwathu kuno, kumene nthawi yowawa ya mbalame ndi dzuwa la October, phale la madzi oyera pa mthunzi licita zimene mafuta a ng'ombe acita ku Seebach.

Tisaiwale kuti mbalame zina za anthu amenewa ndi zathu zomwe. Makolo ao sanadziwe kumene namzeze apita m'cisanu, ndipo ngakhale ophunzira ankati agona m'matope pansi pa madzi. Mu May 1822, pafupi ndi Klütz ku Germany, kunaphedwa dokowe ali ndi mubvi wautali wa ku Africa wolasa khosi lace. Anauluka nao ulendo wonsewo, ndipo asungidwa ku Rostock kufikira lero. Namzeze wina anabvekedwa mphete ku mwendo m'cigawo ca Staffordshire mu 1911, napezeka pa 23 December 1912 pafupi ndi Utrecht ku Natal, mtunda wa mailosi monga 6,000. Anamzeze amene tiwaona pa mawaya ndi pa madambo m'nyengo ya mvula, ambiri a iwo anaswedwa m'makola a ng'ombe a ku Ulaya ndi ku Asia. Iwo safika pa codyera ca munthu, pakuti adya tizirombo ali m'mwamba. Cimene apempha kwa mlimi wa kumeneko ndi zenera la khola losatseka.

Ndipo ngati wina afunsa ngati m'dziko lathu lino munthu anayamba wagawirapo mbalame ya kuthengo cakudya mwadala, yankho lace ndi lakale kuposa linga la Waterton. Wansembe wa Cipwitikizi, João dos Santos, amene anafika ku Sofala mu 1586, analemba m'buku lace la 1609 za kambalame kamene kankalowa m'chalichi mwace kudzadya phula la pa zoikapo makandulo, kamenenso kankatsogolera anthu ku njuci. Anati eni dziko akacha sazu, ndipo ife timva pomwepo dzina la nsadzu. Mbalameyi idziwa kumene kuli njuci koma siikhoza kung'amba mtengo kapena kupirira mbola. Munthu ali ndi nkhwangwa ndi utsi koma sadziwa mphako. Atafula uci, mlenje asiya zisa za phula, ndipo akuru ankacenjeza kuti woimana, ulendo wina idzamtsogolera kwa njoka kapena kwa cirombo. Mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzace anafalitsa zimene anayesa pamodzi ndi Ayao ofula uci a ku Niassa, kumpoto kwa Mozambique. Alenjewo ali ndi kaitanidwe kao ka nsadzu, kunjenjemeretsa milomo ndi kutsiriza ndi kubuula kwakufupi, kamene anaphunzira kwa atate ao. Poyenda m'chire ndi phokoso wamba, maulendo 17 mwa 100 anathera pa njuci. Poyenda ndi kaitanidwe kameneka, maulendo 54 mwa 100.